Za Dhlakama ndi apongozi anuwo, ndimvereni nanenso

Achimwene, ndawerenga zanuzi ndili pa kabaza kuchokera ku Limbuli, mpaka ndamuuza mnyamatayo kuti taima kaye, manja akundinjenjemera. Ndaona ambiri akuyankhani kuti Afonso Dhlakama, amene ankatsogolera Renamo, gulu limene linkamenyana ndi boma la Frelimo ku Mozambique, anali tate wa demokalase, ndiye musaope kukwatira mwana wa munthu amene anamenya nawo nkhondo ya ku Mozambique. Olemba zimenezo ambiri anabadwa mfuti zitaleka kulira. Ine mu 1986 ndinali ndi zaka 11, tinkakhala kwa agogo tsidya la Muloza, kufupi ndi Milange.

Anthu a mfuti anabwera m'bandakucha, nkhuku zisanatsike. Sinditchula kuti anali a mbali iti, m'gulu muno muli ana a mbali zonse ziwiri ndipo mfuti zinali konsekonse. Anatenga mbuzi, mchere, mapoto, ngakhale malata a nyumba ya amalume anachita kuzula. Katunduyo wosenza tinali ife eni ake. Mayi anga ankasoka, ndiye anawasenzetsa mutu wa makina awo omwe. Ine anandipatsa thumba la mchere. Achimwene anga, a zaka 14, anawapatsa malata awiri opinda. Masiku atatu tikuyenda, opanda nsapato. Mkulu wa gululo anali wamfupi, wa dzino lothyoka, atavala mawotchi awiri dzanja limodzi. Tsiku lachiwiri mayi anapunthwa pa tsinde, nkhata inagwa. Atati awerame atole, iye anaiponda n'kuikankhira m'tchire, akuseka. Anasenza chitsulo chija pamutu popanda kanthu mpaka madzulo, magazi akuyenderera kuseri kwa khutu kulowa m'bulauzi. Sanalire. Ankangondiyang'ana kuti nanenso ndisalire. Pamene panakhala chitsulopo tsitsi silinamerenso mpaka tsiku limene tinawaika m'manda, duku sankavula ngakhale pogona.

Usiku wachitatu anatimasula azimayi ndi ana aang'ono, anyamata anati atsale. Achimwene anandipatsira chinangwa chawo chootcha chimene anali atangoluma kamodzi. Basi. Sitinawaonenso, ngakhale manda oti tikasese palibe. Tinawoloka Muloza madzi ali m'chifuwa, n'kukalowa mu kampu, moyo wa khadi ndi mzere wa ufa. Malawi inasunga anthu othawa nkhondo opitirira 1 miliyoni nthawi imeneyo, achikulire a kuno ku Mulanje akukumbukira mmene nkhuni zinasowera.

Tsono za Dhlakama. Anabadwa mu 1953 ku Mangunde, chigawo cha Sofala, mwana wa mfumu. Anatenga utsogoleri wa Renamo mtsogoleri woyamba André Matsangaissa ataphedwa ku Gorongosa, dera la kuphiri ku Sofala komweko, mu 1979, n'chifukwa chake mpaka lero agogo anu amati "amatsanga". Mnyamata wa zaka 26 kulamulira nkhondo, ganizani. Analamulira ali m'tchire mpaka pa 4 Okutobala 1992 pamene anasainirana mtendere ndi pulezidenti Joaquim Chissano ku Rome. Atavula yunifomu anavala suti n'kupikisana nawo pa upulezidenti kasanu, 1994, 1999, 2004, 2009 ndi 2014, osapambana ngakhale kamodzi. Mu 1999 anangotsala pang'ono, iye 47.7 peresenti, Chissano 52.3, ndipo anakana zotsatirazo kuti zaberedwa. Ku Zambézia, chigawo chimene kuli Milange, anthu ankamuvotera kwambiri, abale anga omwe, ndipo sindiwanena. Boma la Frelimo linali litachotsa mphamvu mafumu n'kumasonkhanitsa anthu m'midzi yokakamiza kutali ndi minda yawo, mkwiyo unalipo weniweni. Ulamuliro wa chipani chimodzi unatha ku Mozambique, mbali yake pamenepo ilipo, sindingamulande.

Koma munthu amene anazolowera kuti akalankhula anthu amagona pansi, kuluza chisankho sikumulowa. Mu 2012, ali ndi zaka 59, anabwereranso ku Gorongosa kukakhala ndi asilikali ake. Mu 2013 asilikali a boma anaphwanya msasa wake wa Satunjira, mfuti zinayambanso pa msewu waukulu. Pofika 2016 tinaonanso azimayi ndi mitolo pamutu akulowa ku Kapise, ku Mwanza, ndipo ine ndinazimitsa wailesi sabata yathunthu. Kumapeto kwa chaka chomwecho analengeza zoimitsa nkhondo atalankhulana pa foni ndi Filipe Nyusi, pulezidenti wa nthawiyo, koma mtendere womaliza sanauone. Anamwalira pa 3 Meyi 2018 komweko kuphiri, amene anasaina mu 2019 ndi Ossufo Momade, amene analowa m'malo mwake.

Chimene chimandiwawa ine si akuluakuluwo ayi, iwo ndimangowamva pa wailesi. Mu 1992 boma la kumeneko linakhululukira onse amene anachita zoipa pa nkhondo, mbali zonse, popanda wofunsidwa. Ndiye chaka china cha kampeni ndinapita ku Milange kukagula nyemba. Ndikumva nthungululu, lole yaima, pamwamba pali bambo wa jekete akugawa zitenje. Atatsegula pakamwa ndinaona dzino lija. Wotchi inali imodzi tsopano, yonyezimira. Azimayi akumuvinira, akumuyalira nsalu pansi. Mayi wina anandikankhira kutsogolo kuti nanenso ndilandire, ndipo ndinalandira, achimwene. Ndinagwada n'kulandira ndi manja awiri ngati mwana wamakhalidwe. Anandiyang'ana kumaso osandidziwa n'komwe. Galu ameneyo! Chitenjecho ndinakachiponya mu Muloza pobwerera, mayi sindinawauze.

Ndiye inu kwatirani. Mtsikanayo sanasenzetse munthu katundu, ndipo mwina bambo akewo anachita kugwidwa ali mwana ngati mmene anatsalira achimwene anga. Ndimaganiza nthawi zina kuti ngati ali moyo, nawonso ndi apongozi a munthu kwinakwake, anthu akuwanong'ona. Musamakumbe zakale, simupindula kanthu. Koma ankhoswe anu afufuze mwakachetechete kuti mkuluyo anali kuti pakati pa 1986 ndi 1988, ndiponso ngati anali wolamula kapena wolamulidwa. Asafunse iye, afunse azimayi achikulire a m'mudzimo, potunga madzi. Ndipo za chikamwini muiwale, mangani nyumba yanu mbali ino ya mtsinje. Amayi anu akakana kudya mbale imodzi ndi apongoziwo pa chinkhoswe, musawakakamize, simukudziwa chimene anasenza. Ine mukandiitana ndibwera kudzathandiza kuphika, koma mundiuziretu ngati bamboyo ali wamfupi.