Kodi ndiwasiyitse mafizo bambo anga?

Funso: Bambo anga, azaka 63, adadwala sitiroko miyezi iwiri yapitayo ndipo mkono ndi mwendo wakumanja zidafooka. Kumafizo komwe timapita Lachiwiri lililonse amawaika pagulu ndi odwala ena asanu, n'kumawatoletsa nyemba ndi kuwamangitsa mabatani. Owathandizawo ambiri ndi ana asukulu ophunzira zamafizo. Bambowa adali mphunzitsi wamkulu, ndiye zimandiwawa kuwaona akuchita zachibwana, ena n'kumaphunzirirapo. Ndiwasiyitse?
Mwana wawo wamkazi, Zomba

Yankho: Achemwali, chonde musawasiyitse. Nyemba zimenezo si masewera ayi.

Sitiroko imabwera mtsempha wa magazi ukatsekeka kapena kuphulika mu ubongo, ndipo mbali imene inkalamula dzanja lija imawonongeka. Mbali zotsalazo zimatha kuiphunzira ntchitoyo, koma pokhapokha dzanjalo likamabwereza chinthu chimodzi kambirimbiri. Zala zimene zikutola nyemba lero ndi zomwe zidzatsine nsima mawa. Ntchito yathu ya occupational therapy ndi imeneyo: kuti munthu azisamba, kuvala ndi kudya yekha. Kusintha kwakukulu kumaoneka m'miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi yoyambirira, ndiye bambo ali pa nthawi yake yeniyeni.

Za gulu ndili ndi umboni. Padali bambo wina amene ankangozyolika, tikamulankhula osayankha. Ndidamuuza kangapo kuti povala malaya aziyamba kulowetsa mkono wofookawo, wabwinowo pambuyo, koma ankangondiyang'ana. Tsiku lina mayi amene adadwala chaka chimodzi iye asanadwale adatenga juzi yake, n'kuvala pamaso pake pang'onopang'ono, mkono wolendewerawo akuukokera m'dzanja la juzi ndi mkono wabwinowo. Bamboyo adayesa. Zidamutengera nthawi, thukuta lili kamukamu, koma adavala, anzake n'kuwomba m'manja ndi pantchafu. Mawu a mnzako amene wadutsamo amalowa mwamsanga kusiyana ndi a ife azaumoyo. Komanso ambiri akadwala sitiroko amataya mtima, ndipo kubindikira m'nyumba kumangowonjezera.

Ana asukuluwo, nanenso ndidali mmodzi mwa iwo. Ophunzira zamafizo, monga a ku Kamuzu University of Health Sciences, amayenera kukagwira ntchito m'zipatala asanamalize maphunziro, chifukwa phewa la munthu sungalidziwire m'buku. Nthawi zambiri iwowo ndi amene amakhala ndi mpata wokhala pansi ndi wodwala mosathamanga. Komabe sayenera kugwira okha. Funsani kuti akuwayang'anira ndani, ndipo muonane naye. Wophunzira azinena dzina lake, anene kuti ndi wophunzira, apemphe chilolezo asanawagwire. Bambo ali ndi ufulu wokana. Ndipo wina aliyense, kaya kuchipatala kaya kunyumba, akafuna kuwadzutsa powakoka mkono wofookawo, muletseni pomwepo. Phewa limakhala lolobodoka, limavulala msanga, ndipo ululu wake umabwezera zonse m'mbuyo. Mankhwala a BP, ngati adawapatsa, asadumphitse.

Pa nkhani ya ulemu ndikugwirizana nanu kwathunthu. Munthu amene adayendetsa sukulu ayenera kuuzidwa chifukwa chake akutola nyemba. Lachiwiri likubwerali mutenge kope ndi cholembera, mukulunge kansalu pacholemberacho kuti chinenepe, chigwirike bwino. Mukawauze ophunzirawo kuti awa ndi aphunzitsi, ndipo akufuna kuyambanso kusaina dzina lawo.