Manambala akakana kubwerera pa ziro, siyani mafuta

Wina wandilembera imelo za pinball yake (makina amasewero omenya kampira kachitsulo, manambala n'kumawerengeka) ya kampani ya Williams ya m'ma 1970, ija yoyendera ma relay (ma switch otsegulidwa ndi kutsekedwa ndi magetsi), yopanda kompyuta m'kati. Akadina batani loyambira mota imangozungulira osaima, mawilo ena a manambala safika pa ziro, mpira sutuluka. Funso lake: "Ndipopere mafuta?"

Akulu, ayi. Chonde ayi.

Funsoli landigunda pachilonda. Pinball yanga yoyamba inali ya kampani ya Gottlieb, ndipo amene anali nayo ine ndisanagule anapopera mafuta paliponse pomwe dzanja lake linafika. Mafutawo anasakanikirana ndi fumbi n'kuuma ngati phula. Wilo lililonse ndinkachita kulimasula, kutsuka plunger yake (kachitsulo kolowa ndi kutuluka koyendetsa wilolo) ndi isopropyl alcohol, kupukuta, kubwezera, zala zili bii. Ndikati ndamaliza, lina layamba kukakamira. Sanalekere pomwepo munthu uja, anapindanso timalata ta ma switch mongolota, moti ena oyenera kutseguka ankakhala ogundana nthawi zonse. Mkazi wanga ankangomva kulira kwa mota usiku n'kufunsa ngati chinthucho chidzaseweredwe n'komwe.

Anthu amaganiza kuti chachitsulo chilichonse choyenda chimafuna mafuta. Plunger ya m'kati mwa coil (waya wokulungidwa amene amaikoka magetsi akalowa) anaipanga kuti iziyenda youma. Komanso mafuta ambiri opopera sachedwa kuyaka, pomwe ma switch awa amathetheka nthawi iliyonse akamagundana ndi kulekana. Ine ndiye ndimati munthu wofika pa pinball yakale atanyamula chitini chopopera asaloledwe n'kutsegula chitseko chomwe.

Chimandiwawa n'choti makinawa si ovuta kuwamva. Zonse zimaoneka ndi maso. Score motor, mota ija yosaimayi, ndiyo imalamula kuti ichi chiyambe, ichi chitsatire. Pa Gottlieb imazungulira madigiri 120 n'kuima, pa Williams ndi Bally 180. Cha m'ma 1977 makampani atayamba kuika ma circuit board, luso lowerenga schematic (chojambula chosonyeza mmene mawaya ayendera) ya ma relay linayamba kuzilala, ndiye lero aliyense amangoyesa mwayi. Mwayi wa chiyani pa chinthu choti chili ndi mapu ake?

Tsono chochita

Wilo lililonse lili ndi zero switch, yosonyeza kuti lafika pa ziro, ndipo mota siima mpaka mawilo onse atanena kuti afika pa ziro. Zimitsani, muzule pulagi. Kankhani plunger ya wilo lililonse ndi chala: lizidumpha nambala imodzi msangamsanga, ndipo likamachoka pa 9 kupita pa 0 muone ngati ma switch akusinthadi. Laulesilo litsukeni, mulisiye louma. Ngati onse ali pa ziro koma mota ikuzungulirabe, pali zero switch yakuda kapena yopindika. Yambani mwalimbitsa masikuluwu ake, mupale pogundana pake pang'ono ndi flexstone (kachopalira kopyapyala ka ma switch), kupinda kukhale komaliza. Ngati palibe wilo lomwe likusuntha n'komwe, onani reset relay (yobwezera manambala pa ziro), switch ya pa score motor yomwe imaitumizira magetsi modukizadukiza, ndi ma Jones plug olumikiza bokosi la manambala ndi thupi la makinawo. Mukamva coil ikungong'ung'udza osasiya, zimitsani msanga isanapse.