Kukwera Kilimanjaro kudzera ku Marangu: masiku 5 kapena 6?

Bambo wina wowerenga nkhani zathu watitumizira imelo. Akufuna kukakwera phiri la Kilimanjaro ku Tanzania kudzera njira ya Marangu, ndipo kampani yomwe akukambirana nayo yawauza kuti asankhe pakati pa ulendo wa masiku 5 ndi wa masiku 6. Wa masiku 5 ndi wotsika mtengo. Iwo akuti amathamanga m'mawa uliwonse, ndiye akufunsa ngati pali chifukwa cholipirira tsiku linalo, komanso ngati m'njiramo muli zoti munthu n'kuona kupatula pansonga.

Bambo, tengani wa masiku 6. Kuthamangako kudzakuthandizani miyendo, koma chimene chimabweza anthu paphirili kawirikawiri si miyendo. Ndi mpweya. Nsonga ya Uhuru ili pa mamita 5,895, ndipo pamenepo mukakoka mpweya mumapeza pafupifupi theka chabe la okosijeni amene mungapeze m'mphepete mwa nyanja yamchere. Thupi limazolowera, koma limafuna nthawi, ndipo silisamala kuti ndinu wamasewera kapena ayi. Ndipotu nthawi zina amphamvu ndiwo amavutika msanga chifukwa amathamangira kutsogolo.

Taonani m'mene malo ogona alili. Geti la Marangu lili pa mamita pafupifupi 1,860. Usiku woyamba mugona ku Mandara, pa mamita 2,700, wachiwiri ku Horombo, pa 3,720, kenako ku Kibo, pa 4,700. Madokotala a matenda a m'mapiri amalangiza kuti mukapitirira mamita 3,000, malo ogona asamakwere kuposa mamita 500 pa usiku umodzi. Njira ya Marangu imakukwezani mamita 1,000 kawiri motsatizana. Tsiku lowonjezera lija limagwera pakati penipeni pa vutoli: mumagona ku Horombo kawiri, masana mumakwera pang'ono kukafika ku Zebra Rocks, miyala ya mizeremizere yakuda ndi yoyera yomwe ili pa mamita pafupifupi 4,000, n'kubwerera kudzagona pansi. Kukwera masana n'kudzagona m'munsi ndiko kumaphunzitsa thupi.

Mutu wowawa pang'ono, nseru, kusowa chilakolako cha chakudya ndi tulo todukizadukiza, izi zimagwira anthu ambiri. Zikakugwirani, uzani wotsogolera wanu ndipo musakagone pamalo okwera kuposa pamene muli mpaka zitatha. Koma munthu akayamba kudzandira ngati woledzera, kuyankha zosagwirizana ndi funso, kupuma mwabefu ngakhale atakhala pansi, kapena kutsokomola makhololo a thovu, ndiye kuti ubongo watupa kapena m'mapapo mwalowa madzi. Ameneyo atsitsidwe nthawi yomweyo, usiku womwewo, osadikira kuti kuche. Pali mankhwala a acetazolamide, ambiri amawadziwa kuti Diamox, omwe amathandiza thupi kuzolowera msanga. Nthawi zambiri amamwa mamiligalamu 125 kawiri pa tsiku kuyambira tsiku loti mawa akwera. Amakodzetsa pafupipafupi ndipo zala zimachita dzanzi. Kambiranani ndi dokotala musananyamuke, makamaka ngati mankhwala a salifa sakuyanjani.

Tsopano zoona m'njira. Apa ndi pamene ulendo wofulumira umakuberani kwambiri, chifukwa m'masiku anayi mumadutsa m'madera amene kwina mukanayenda mitunda italiitali kuti muwaone onse. Tsiku loyamba muli m'nkhalango yowirira, yonyowa, mitengo yake yolendewera ndere. Mukamva nthambi zikugwedezeka mwamba, imani muyang'ane: kumakhala nchima, komanso anyani a colobus, akuda okhala ndi ubweya woyera wautali m'nthiti ndi kumchira. Pansi m'mbali mwa njira muli kaduwa kofiira ndi chikasu, kakang'ono ngati chikhadabo, kotchedwa Impatiens kilimanjari. Oyenda mothamanga amakapitirira osakaona. Mukafika ku Mandara musangogona, pitani kukaona chigwa cha Maundi, chomwe chili pafupi, pomwe kale pankatuluka chiphalaphala chamoto.

Pamwamba pa Mandara nkhalango imatha mwadzidzidzi, kumwamba n'kutseguka. Cha ku Horombo ndiko kuli zomera zimene ife timati n'zoyenera tsiku lathunthu. Dendrosenecio kilimanjari imaoneka ngati kabichi wodzalidwa pamwamba pa mzati, ndipo ina imatalika kuposa anthu awiri. Masamba ake akauma sagwa, amakangamira kuthunthu n'kulifunditsa kuti madzi a m'kati asaundane usiku. Mnzake Lobelia deckenii amachita zina: dzuwa likalowa amapinda masamba ake kuphimba mphukira ya pakati, m'mawa n'kuwatambasulanso. Mukagona ku Horombo kawiri mukhoza kuona chomera chimodzi chomwecho madzulo ndi m'mawa. Kuchoka apo mumalowa m'chipululu cha miyala pakati pa nsonga ya Mawenzi, ya mamita 5,149, ndi phiri la Kibo, lomwe pamwamba pake pali nsonga ya Uhuru. Kulibe mtengo, kulibe mthunzi, ndipo ku Kibo kulibe mtsinje, madzi amachita kunyamulidwa kuchokera m'munsi.

Kuzizira kumawonjezeka ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 aliwonse, choncho amene wanyamuka pageti akutuluka thukuta adzafika pansonga madzi ataundana m'botolo. Valani zovala zosanjikiza: cham'kati chosasunga thukuta, chapakati chofunda, chakunja chotchinga mphepo ndi mvula. Zathonje zisiyeni, zikanyowa siziuma ndipo zimakuzizirani pathupi. Nsapato zikhale zoti mwayenda nazo kale milungu ingapo, zatsopano zimatulutsa matuza tsiku lachiwiri. Imwani malita 3 kapena 4 patsiku, m'botolo lolimba logwiritsa ntchito kangapo, popeza mabotolo apulasitiki otaya saloledwa m'paki ya Kilimanjaro. Wotsogolera wovomerezeka ndi lamulo, simungakwere nokha, ndipo wonyamula katundu sayenera kusenza kupitirira makilogalamu 20 a katundu wa alendo. Amayeza pageti, ndiye chikwama chanu chisapitirire makilogalamu 15.

Ulendo wa kunsonga umayamba cha pakati pa usiku, miyala yosalimba ya m'njira ikadali yogwirana ndi chisanu. Mabatire a tochi ndi foni asungeni m'thumba la m'kati pafupi ndi thupi, kuzizira kumawatha msanga. Botolo liikeni chozondoka m'chikwama, chifukwa madzi amayamba kuundana pamwamba, ndipo mukatero pakamwa pa botolo sipatsekeka. Ambiri amafika pa Gilman's Point, pamilomo ya chigwa cha pamwamba pa phirili, dzuwa likutuluka, n'kuyenda m'mphepete mwa chigwacho ola limodzi ndi theka kapena awiri kukafika pa Uhuru. Makoma a madzi oundana amene mudzaone kumeneko ndi otsalira chabe, oposa 80 peresenti ya amene analipo mu 1912 anasungunuka.

Za nyengo, pewani mvula yaikulu ya Malichi mpaka Meyi ndi ya Novembala. Januwale, Febuluwale ndi miyezi ya Juni mpaka Okutobala ndiyo yabwino. Ndipo wengani zikhadabo za kumapazi musananyamuke: tsiku la kunsonga mudzatsika mamita oposa 2,000 kukagona ku Horombo, zala zikugunda kutsogolo kwa nsapato njira yonse.