Funsani Amisiri: Kagetsi kofiira sikakusintha pa kabodi kanga

FUNSO: Amisiri, ndine mlimi wa fodya kuno ku Santhe. Ndinaphwasula batire lakufa la laputopu n'kupezamo timabatire sikisi tozungulira. Ndinagula kabodi kotchajira kolembedwa TP4056, ndipo ndinalumikizako batire limodzi, babu ndi kawailesi koti tizimvera posankha fodya m'chigafa. Kabodi koyamba kanapsa tsiku lomwelo nditakalumikiza ku sola. Kachiwirika ndimatchajira pa tchaja ya foni, koma kamatentha, ndipo kagetsi kofiira sikasintha kukhala kabuluu ngakhale nditchaje tsiku lonse. Kodi anandigulitsa zachinyengo?
Wowerenga wa ku Santhe, Kasungu

YANKHO: Bambo, musanapite kukakangana ndi wogulitsayo, ndikufunseni: mukamatchaja, wailesi ija imakhala ikulira? Ndikuganiza kuti inde, pakuti anthu ambiri amene afika pa benchi yanga pano pa boma ndi dandaulo limeneli, mlandu umapezeka pomwepo.

Ganizirani mmene mumadzazira chigubu pa mpopi. Poyamba mumatsegula kwambiri, madzi akafika m'khosi mumachepetsa, kenako mumatseka. Kabodiko kamachita zomwezo. Batire likakhala lopanda moto, kamathira mlingo umodzi wosasintha, pafupifupi 1,000 mA (mA ndi muyeso wa kuchuluka kwa moto umene ukuyenda) pa timabodi tambiri ta pamsika, mpaka mphamvu ya batire itakwera kufika 4.2 V. Pamenepo kamaima pa 4.2 V osapitirira, ndipo moto wolowa umayamba kuchepa wokha pang'onopang'ono. Ukatsika kufika gawo limodzi mwa magawo khumi a mlingo woyamba uja, kutanthauza 100 mA, kabodi kamati ladzaza, kamatseka, kabuluu n'kuyaka.

Tsono kabodiko kalibe maso. Sikadziwa ngati moto ukulowa m'batire kapena ukudyedwa ndi wailesi. Babu ndi wailesi zikamakoka kuposa 100 mA, iko kamaona ngati chigubu sichinadzaze, chonsecho pansi pake pali chibowo. N'chifukwa chake kofiirako kamangoyakabe. Choipa chake n'choti batire la lithium silikonda kukhala pa 4.2 V maola ambirimbiri, limakalamba msanga. Ikani switchi pa waya wopita ku wailesi ndi babu, muzizimitsa potchaja. Batire la 2,000 mAh (mAh ndi muyeso wa moto umene batire limasunga) liyenera kudzaza m'maola atatu kapena kupitirira pang'ono.

Za kutenthazo musaope kwambiri. Tchaja ya foni imapereka 5 V, batire lili mwina pa 3.7 V, ndipo yotsalayo kachipangizo kakuda ka miyendo eyiti ka pa kabodipo, komwe ndi TP4056 yeniyeniyo, kamaiwotcha ngati kutentha basi. Kakatentha mopitirira kamachepetsa kokha moto. Komabe ine sindikonda kuthira 1,000 mA m'batire lotola m'laputopu, lomwe sitikudziwa kuti linagwira ntchito zaka zingati. Pa kabodipo pali ka resistor, kachipangizo kochepetsa kayendedwe ka moto, kolembedwa 122. Kameneko ndi kamene kamaika mlingo. Pitani nako kwa wokonza mafoni akuikireni ka resistor ka 2k m'malo mwake, mlingo utsike kufika cha m'ma 580 mA. Lizichedwa kudzaza, koma chala chanu chiziti chikakhudza osapsa.

Kabodi koyamba kaja munakapha nokha, pepani. Sola imene timaitchula kuti ya 12 V, dzuwa la masana likaomba imatulutsa 18 V kapena kuposa, pomwe TP4056 imafuna 5 V ndipo malire ake ndi 8 V. Pakati pake pamafunika kotsitsa mphamvu, kapena mutenge moto pa USB ya controller ya sola, kabokosi koikidwa pakati pa sola ndi batire lake, ngati ilipo.

Pali china chimene simunafunse koma chikundidetsa nkhawa kuposa zonsezi. Werengani malo owotcherera mawaya kumapeto kwa kabodi kanu. Ngati alipo anayi, B+, B-, OUT+ ndi OUT-, ndiye kuti kali ndi mlonda wake, kachipangizo kotchedwa DW01, kamene kamadula moto batire likatsika cha m'ma 2.4 V kapena mawaya akagundana. Batire lipite pa B, babu ndi wailesi zipite pa OUT. Ambiri amangomangirira zonse pa B, mlonda n'kukhala wopanda ntchito. Ngati malowo ndi awiri okha, kabodiko kamangodziwa kutchaja, ndipo wailesi ikhoza kukama batire mpaka kuliwononga.

Timabatire totsala tija tiyezeni pa mita limodzilimodzi. Lomwe likusonyeza pansi pa 2 V, ladzimbiri, kapena long'ambika chikopa chake, lisiyeni. Enawo atchajeni, muwasunge sabata imodzi, muyezenso: limene latsika lokha kwambiri ndi lodwala mkati. Ndipo musalumikize awiri motsatizana kuti mupeze 7.4 V n'kuwatchajira pa kabodika, kanapangidwira 4.2 V yokha.

Mukafuna kugula atsopano, chenjerani ndi zolembedwa. Chaka chatha mnyamata wina wa kabaza anandibweretsera batire la mtundu womwewu wa 18650 lolembedwa 9,900 mAh, akunyadira kuti watola. Nditalinyamula linali lopepuka ngati chitsononkho. Lenileni limalemera pafupifupi magalamu 45, ndipo ngakhale a makampani odziwika amathera cha m'ma 3,500 mAh. Lakelo linayatsa tochi kanthawi kochepa n'kufa, ndipo anachoka akung'ung'udza ngati ndine ndinamugulitsa.

Chomaliza, bambo: kutchaja kusachitikire m'chigafamo. Batire la lithium likayaka siliyaka ngati nyali, limalavula moto, ndipo fodya wouma ndi denga la udzu sizidikira kuti muthamangire ndowa. Muzitchajira pa simenti kapena pa njerwa, pamthunzi, inu muli pafupi, ndipo likatentha moti simungaligwire, zulani tchaja nthawi yomweyo. M'chigafa muzilowa nalo litadzaza kale, lili m'kabokosi koti misomali ndi mawaya omangira zisalikhudze.