Mameseji a ngongole afufutika mu foni, ndipange bwanji?

Funso: Ndili ndi okala ku Ndirande, ndimagulitsa mafuta ophikira, shuga, sopo ndi zina zotero. Makasitomala ambiri amatenga pa ngongole kenako amalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, ena amangonditumizira meseji kuti ndatenga shuga awiri ndipereka kumathero a mwezi. Sabata yatha mwana wa achemwali anga yemwe ndimakhala naye anatenga foni kuti aziwonera mavidiyo, itamuwuza kuti memore yadzaza anangofufuta mameseji onse. Panopa sindikudziwa kuti walipira ndani, watsala ndani, koma ndalama zomwe zili kunja zikhoza kukwana K380,000. Foni yanga ndi ya Samsung. Pali njira yowabwezera? Ndipo ndingamawasunge bwanji pa kompyuta ya mwana wanga kuti zisadzachitikenso? Ndine mayi wa ku Blantyre.

Yankho: Pepani mayi, ndikudziwa kuti tulo simukupeza. Tiyambe ndi zachangu kaye. Tsegulani Samsung Messages, dinani timadontho titatu tapamwamba paja, muwone ngati pali polembedwa kuti Recycle bin kapena Trash. Mafoni ambiri a Samsung amasunga mameseji ofufutidwa mmenemo kwa masiku 30, ndiye poti zachitika sabata yatha mwayi ulipo ndithu, mukawapeza ingosankhani onse nkudina Restore basi. Ngati foniyo imagwiritsa ntchito pulogalamu ya mameseji ya Google yang'anani mu Archived, nthawi zina mwana amangowasuntha osati kufufuta. Palinso bakapu ya Google ku Settings koma iyoyo imabweza zinthu pokhapokha foni yayambitsidwanso ngati yatsopano, komanso mwina yasunga kale foni mmene ilili panopa yopanda mameseji, ndiye musalole munthu akuuzeni kuti tiyiflashe tione. Ndipo chonde musapite nayo kwa anyamata oti timabweza chilichonse bola mutipatse K20,000, foni yanu ikagona kumeneko pamodzi ndi layini yomwe muli ndalama zanu, PIN yanu isatuluke pakamwa panu ngakhale atanena kuti ikufunika pokonza.

Za ndalama zomwe analipira pa foni musade nkhawa kwambiri. Meseji ija ndi risiti chabe, mbiri yeniyeni ili ku kampani. Tengani chiphaso chanu cha unzika chomwe munalembetsera layiniyo mupite ku shopu ya Airtel ndi ya TNM mukapemphe sitetimenti ya miyezi yomwe mukufuna, mmenemo muli tsiku, nambala ya wotumiza ndi kuchuluka kwa ndalama.

Koma tsopano ndikufunseni mayi. Sitetimenti ikuuzani kuti uje anatumiza K12,000 pa 5. Ikuuzaninso kuti anatenga katundu wa K30,000? Ayi. Nanga amene analipira kashi pa windo la okala muli mkati mopima mafuta, meseji yake ili kuti? Palibe, sinalipo nkomwe ngakhale mwanayo asanagwire foni. Ndiye vuto lanu silinayambe sabata yatha, linayamba tsiku lomwe munapereka shuga woyamba pa ngongole osalemba pena paliponse. Inuyo mwalemba kuti ndalama "zikhoza kukwana" K380,000, mawu amenewo ndi omwe andiwawa kuposa nkhani ya mameseji, chifukwa ndalama zambiri chonchi mwini bizinesi amayenera kuzitchula mpaka kwacha yomaliza atadzutsidwa pakati pa usiku.

Kalata ngati yanuyi ndaziwerenga zambirimbiri, wina foni inagwera mu ndowa, wina anamusolola mu minibasi ku Limbe, wina sikirini inangoda, onsewo funso lawo limakhala la foni pomwe chowapweteka ndi chakuti buku alibe. Meseji ya ngongole imene walemba wokongolayo mwini, yosakanikirana ndi mameseji a maliro, a kutchalitchi ndi otsatsa mabando, mungati ndi kaundula wa bizinesi?

Tiwerengere pang'ono. Tinene kuti pa K100 iliyonse yomwe mwagulitsa mumapindula K15. Ngati mwa K380,000 ija gawo limodzi la magawo anayi litasowa, anthu akane kapena ayiwale dala, ndi K95,000 imeneyo. Kuti mubweze K95,000 muyenera kugulitsa katundu wa pafupifupi K630,000, mumatenga masabata angati kuti mufike apo? Nthawi yonseyo mukugwira ntchito yaulere, kudzuka mbandakucha kukapikula, kulipira thiransipoti, zonsezo kungokwirira dzenje. Pomwe hadikava imodzi ndi cholembera sizifika ndi pa mtengo wa botolo limodzi la mafuta lomwe mumagulitsa.

Ndiye gulani hadikava lero lomwe. Kasitomala aliyense tsamba lake, dzina pamwamba ndi nambala ya foni, pansi pake tsiku, watenga chani, mtengo, wapereka zingati, watsala ndi zingati. Akalipira pa foni lembani manambala omaliza a Transaction ID, nambala ya risiti yomwe imabwera mu meseji ya ndalama ija, pambali. Mulembe munthuyo ali pomwepo akuona, asanatenge katundu m'manja, osati madzulo mutatopa mukuyesa kukumbuka. Loweruka lililonse jambulani masambawo ndi foni, pakuti bukunso likhoza kunyowa kapena kudyedwa ndi makoswe.

Za ngongole zakalezi, kumbukirani kuti meseji ili ndi mbali ziwiri, yafufutika kwanu koma mu foni ya wotumizayo ikadalimo. Yendani kwa mmodzimmodzi ndi buku latsopanolo komanso sitetimenti ija, muwauze kuti ndikutsegula buku tiyeni tiwerengerane, ndionetseni meseji yomaliza yomwe munanditumizira. Osakalengeza pa mjigo kuti zonse zasowa, mawa lake anthu onse akhala oti anamaliza kulipira.

Chinanso chimene simunanene koma ndikuchiona, pa mndandanda umenewo achibale alipo angati? Alamu anatenga mafuta, azakhali sopo, achemwali shuga wa pa chinkhoswe, ndipo amenewa satumiza ndi meseji yomwe chifukwa amati ndi za kwathu. Alembeni nawonso m'buku. Mukafuna kuthandiza m'bale thandizani, nzabwino, koma mulembe kuti ndapereka, ichoke pa malipiro anu osati pa kapito. Mwana uja musamukalipire kwambiri, iye anaona foni ya anti ake, samadziwa kuti wagwira bizinesi yonse. Foni yolandirira ndalama ikhale ndi loko ndipo isamabwerekedwe, kaya ndi mwana kaya ndi bambo a kunyumba.

Tsopano za kompyuta, poti mwafunsa. Njira yosavuta ndi Smart Switch, pulogalamu ya Samsung yomwe, mwana wanu ayiike pa kompyutapo, mulumikize foni ndi kebulo ya USB nkudina Backup, imakopera mameseji, manambala ndi zithunzi. Ina ndi SMS Backup & Restore ya pa Play Store, iyo imasonkhanitsa mameseji onse mu fayilo imodzi ndipo mutha kuyiuza kuti izipanga yokha sabata iliyonse nkumatumiza ku Google Drive, fayiloyo mumangoyikopera pa kompyuta mu foda ya dzina la okala yanu. Muzipanga tsiku lomwelo lojambula buku, kuti zisaiwalike. Koma kompyutayo ndi ya mwana, adzapita nayo ku koleji kapena kuyigulitsa, ndiye kope ina ikhale pa imelo yanuyanu yomwe pasiwedi mukuidziwa inu, osati yomwe anakutsegulirani wogulitsa foni.

Ndipo muike malire mayi, K380,000 kunja pa okala imodzi ndi yochuluka, mwina kuposa katundu amene ali pa mashelefu panopa. Mpaka theka la ndalamazo litabwerera, ngongole yatsopano isatuluke kwa aliyense amene tsamba lake silinatsekedwe. Mukamaliza kuyenda kwa makasitomala mundilemberenso mundiuze nambala yeniyeni yomwe mwapeza, tione kuti tiyambire pati kutolera.