Zilembo zothithikana zandidyera ndalama ya banner

Funso: Ndili ndi kabizinesi kokonza makadi a ukwati, ma poster ndi zikwangwani za mashopu pa Nchalo. Mayi wina wa butchala anandipatsa ntchito ya banner. Dzina la shopu linali lalitali, ndiye ndinapanikiza zilembo kuti zikwane mzere umodzi. Pa kompyuta zinkaoneka bwinobwino, koma titapachika anthu akuti sizikuwerengeka ukaima pamsewu, ndipo mayiwo akukana kumaliza kulipira. Nditani? Nanga mpata wa pakati pa zilembo amaukonza bwanji mu Photoshop, pulogalamu ya pa kompyuta yokonzera zithunzi ija?

Yankho: Achimwene, mayiwo sakulakwa. Chikwangwani amachigula kuti chiziwaitanira anthu, ndipo munthu amene ali mu minibasi pa M1 kuchokera ku Bangula, kapena amene wakwera kabaza, amachiona kanthawi kochepa chabe. Inu munkaiona ntchitoyo muli m'nyumba, nkhope ili pafupi ndi sikirini. Wogula nyama amaionera tsidya lina la msewu, dzuwa la kuchigwa kuno likumuthobwa m'maso. Patali choncho zilembo zoyandikana kwambiri zimaphatikana, moti r ndi n zimaoneka ngati m, ndipo mawu onse amangokhala chimzere chakuda.

Mu Photoshop, pitani pa Window mutsegule Character. Pamenepo pali zinthu ziwiri zimene anthu ambiri amazisokoneza. Tracking imatalikitsa kapena kuyandikitsa zilembo zonse za mawu amene mwasankha, mofanana. Kerning imakonza mpata wa zilembo ziwiri zokha. Ikani cursor, kamzere kophethira kosonyeza polembera, pakati pa zilembo ziwirizo, gwirani Alt, kenaka dinani muvi wakumanja kuti zitalikirane kapena wakumanzere kuti ziyandikane. Kudina kamodzi kumasuntha nambala ya kerning ndi 20, ndipo mukagwira Ctrl ndi Alt pamodzi kumasuntha ndi 100.

Chimene inu munachita n'kutsitsa tracking mpaka zilembo kugundana. Dzina likakana kukwana, njira si imeneyo. Liduleni likhale mizere iwiri, kapena chepetsani kukula kwa zilembo, kapena sankhani font (mtundu wa zilembo) yopyapyala imene anaipanga dala kuti izitenga malo ochepa. Nthawi zina mungofunika kuwauza eni shopu kuti mawu ena achoke. "Timagulitsa nyama yabwino ya ng'ombe ndi mbuzi tsiku lililonse" ndi mawu oyenera pakhoma la mkati. Pamsewu pamangofunika dzina ndi chimene akugulitsa.

Kerning ndiyo imafuna diso. Yesani kulemba CHIKWAWA m'zilembo zikuluzikulu. H ndi I ndi zoongoka, zimaima moyandikana bwino. Koma W ndi A ndi zopendekeka, ndipo pa font zambiri zaulere zimene timatenga pa intaneti zimasiya mipata ikuluikulu, dzinalo n'kuoneka ngati lathyoka pakati. Chimodzimodzi Y ndi A pa NYAMA. Diso la munthu siliyeza ndi rula, limaona kuchuluka kwa malo oyera pakati pa zilembo, ndiye ntchito yanu n'kuwafananitsa malowo. Yambani ndi kusintha kerning kuchoka pa Metrics (mipata imene font inabwera nayo) kupita pa Optical (mipata imene Photoshop imayeza yokha), muone ngati zakhala bwino, kenaka mukonze pamanja malo awiri atatu pamene zilembo zikukanabe. Kachizindikiro ka pa NG'OMBE mukapatse malo, chifukwa mukapanikiza kamabisala pakati pa G ndi O.

Nambala ya foni ndiyo ndimaidera nkhawa kwambiri. Anthu amalipira pa Airtel Money kapena Mpamba powerenga nambala pachikwangwani, ndipo 1 ndi 7 kapena 3 ndi 8 zikathithikana, ndalama ya kasitomala ipita kwa munthu wina. Nambala muziigawa timagulu ndi kuipatsa tracking yochulukirapo kuposa ya dzina.

Ngati Photoshop ikukulemerani, poti amalipiritsa mwezi ndi mwezi m'ndalama zakunja, pulogalamu ina yotchedwa GIMP ndi yaulere ndipo chida chake cholembera chili ndi pokonzera mpata wa zilembo. Pa pulogalamu ya Canva ziliponso pa Spacing. Luso lake ndi lomwelo.

Musanatumize ntchito yaikulu kukasindikiza, chepetsani chithunzicho pa sikirini chifike kukula kwa bokosi la machesi. Chikawerengeka chili choncho, pamsewunso chiwerengeka. Kenaka sindikizani mbali ina ya dzinalo pa pepala la A4, zilembo zili pa kukula kwake kwenikweni, mumate pakhoma, muoloke msewu, mufunse munthu wodutsa amene sakulidziwa dzinalo kuti akuwerengereni. Pepala limodzi ndi lotsika mtengo kuyerekeza ndi banner yonse, makamaka ngati mumasindikizira ku Blantyre, kumene muyenera kuwerengeranso thiransipoti yokwera ndi kutsika Thabwa. Ndipo muzisunga fayilo ya Photoshop (PSD) mawu ake asanasandutsidwe chithunzi, chifukwa mukawasandutsa chithunzi (rasterize) simungathenso kusuntha zilembo ndi kerning.

Tsopano za mayiwo. Pitani nokha kushopu kwawo, musawalembere uthenga. Auzeni kuti musindikiza ina ndi ndalama yanu, ndipo iwo adzamalize kulipira yatsopanoyo ikapachikidwa. Ndikudziwa kuti phindu la ntchito imeneyi lithera pomwepo, mwinanso muwonjezera ya m'thumba. Komabe pa Nchalo anthu amadziwana, ndipo banner yosawerengekayo tsiku lililonse ikuuza eni magolosale ndi ma saluni kuti ntchito yanu ndi yotere. Wa shopu yoyandikana nayo akafuna chikwangwani, adzayamba wafunsa mayi omwewo.

Kuyambira ntchito yotsatira, muzitenga dipoziti yokwanira kulipira kosindikizira, ndipo muzitumiza chithunzi pa WhatsApp kuti mwini wake ayankhe molemba kuti wavomera. Kuvomerako kudzakutetezani pa kalembedwe ka dzina, mitundu ndi nambala ya foni. Koma zoti zilembo zikuwerengeka patali, kasitomala sangazione pa foni. Imeneyo ndi mbali yanu, ndiye nthawi yoyesera ija ndi mtengo wa pepala muziziwerengera pa mtengo umene mumatchula.