Achemwali, shopu yanuyo ikhale m'nyumba yaikulu

Achemwali a zitenje a ku Turffontein, ku Joni, funso lanu ndaliona. Mwati webusaiti yanu ya .co.za yatha zaka zitatu, tsopano mukufuna kuwonjezera shopu yoti anthu azigula pomwepo, ndipo mnyamata amene akukukonzerani akuti aiike pa shopu.dzinalanu.co.za pomwe inu mumaganiza za dzinalanu.co.za/shopu. Mwafunsanso za kutsatsa pa Facebook ndi za kulipira ndi khadi. Ziwiri zomalizazo ayankhe ena. Ine ndikamba za adiresiyo basi, poti pamenepo ndinapsapo ndipo chipsera chikadalipo.

Mukafuna yankho lachidule, ikani pa dzinalanu.co.za/shopu. Koma chifukwa chake si chimene abambo ena alemba pokuyankhani.

Iwo ati Google imalanga subdomain, adiresi ngati shopu.dzinalanu.co.za ija, ati ukangoika mawu ndi kadontho kutsogolo kwa dzina lako basi wakwiriridwa. Zabodza zimenezo, kaya anazimva mu taxi iti. A John Mueller, amene amayankhulira Google pa nkhani za mawebusaiti, ananena mu kanema wa 2017 kuti Google imagwira ntchito bwinobwino ndi zonse ziwiri, subdomain kapena foda (ngati /shopu ija), ndipo a Matt Cutts, amene pa nthawiyo anali a Google, anali atanenapo kale zofanana zaka za m'mbuyo. Ngakhale www imene timalemba tsiku lililonse ija ndi subdomain. Wikipedia yonse inamangidwa choncho: ya Chingerezi ili pa en.wikipedia.org, yathu ya Chichewa ili pa ny.wikipedia.org. Akanakhala kuti amalangidwa, bwenzi Wikipedia ikutuluka pamwamba chilichonse ukafufuza? Koma nawonso amene ayankha kuti "zonse n'chimodzimodzi, sankhani chimene chakusangalatsani" akuoneka kuti sanasamalirepo webusaiti ya munthu wa bizinesi yaing'ono.

Ganizani za mayadi a ku Rosettenville kapena konko ku Turffontein. Kutsogolo kuli nyumba yaikulu, kuseri kuli zipinda. Geti ndi limodzi, nambala ya pamsewu ndi imodzi. Foda ili ngati chipinda cha m'kati mwa nyumba yaikuluyo: wolowa pakhomo sachita kufunsa kuti chipindachi n'cha ndani. Subdomain ndi chipinda cha kuseri chija, chokhala ndi loko wake ndi mita yake ya magetsi. Mlendo akafika sangadziwe msanga ngati wogona mmenemo ndi mwana wa pakhomopo kapena ndi munthu wa lendi wochokera kwina. Google nayo imayenera kuchita kufufuza zimenezo, ndipo ili ndi chifukwa. Pa blogspot.com ndi pa wordpress.com pali anthu osawerengeka, aliyense ndi subdomain yake, osadziwana n'komwe. Singangoti onsewo ndi banja limodzi n'kuwagawira mbiri imodzi. Ndiye imayang'ana: kodi nyumba yaikulu ili ndi malinki opita kuseri? Kodi kuseriko kuli malinki obwerera? Nkhani zake zikugwirizana? Zikagwirizana, kawirikawiri imaziona ngati za mwini mmodzi. Zikapanda kutero, chipinda chanu chatsopanocho chimayamba ngati mlendo, pomwe nyumba yaikulu yatha zaka zitatu ikudziwika.

Chimene chimapweteka kwenikweni si maganizo a Google ayi, ndi ntchito. Subdomain iliyonse imafuna zake. Kafayilo kotchedwa robots.txt, kamene kamauza Google malo ololedwa kulowa ndi oletsedwa, kamagwira pa adiresi imodzi yokha. Ka nyumba yaikulu sikalamula kuseri. Satifiketi ya https, ija imachititsa kuti foni isalembe kuti webusaitiyi ndi yosatetezeka, iyenera kuphimba subdomain imeneyonso. Mu Search Console, chida cha Google choonera mmene webusaiti yanu ikutulukira anthu akamafufuza, ngati munalembetsa adiresi yoyamba ndi https://www yokha, zochitika pa shopu simudzaziona. Makampani akuluakulu ali ndi anthu olipidwa kuti azisesa nyumba ziwirizo. Inu muli ndi mnyamata mmodzi amene mwina mwezi wamawa akhala atasintha nambala.

Ndikuuzeni zimene ndinachita ine ndi manja angawa.

Mlamu wanga ndi transpota. Amanyamula katundu wa anthu kuchoka kuno kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka kukatulukira pa Mwanza, kukatsitsa ku Blantyre. Webusaiti yake ndinamukonzera ndine, yaing'ono, masamba asanu ndi limodzi. Tsamba limene linkamudyetsa linali la mitengo: firiji ndi zakuti, bedi ndi zakuti, chikwama chachikulu chamizeremizere chija ndi zakuti. Munthu akafufuza zotumiza katundu ku Malawi kuchokera ku Johannesburg, tsambalo linkatuluka pa tsamba loyamba, iye n'kumalandira mafoni. Chaka china mu Okutobala ndinati ndionetse luso. Ndinapanga kachowerengera koti munthu azilowetsa katundu wake n'kuona mtengo pompo, ndipo poti sindinkafuna kusokoneza webusaiti yakale, ndinakaika pa subdomain, mitengo kutsogolo kenako dzina lake. Pokonza ndinatseka khomo mu robots.txt kuti Google isaone zinthu zosatha. Nditamaliza ndinafufuta tsamba lakale la mitengo, n'kusangalala, n'kupita kukadya ku Fordsburg.

Zolakwa zinali zitatu ndipo zonse zanga. Khomo lija sindinatsegule. Tsamba lakale ndinalifufuta osaika redirect, cholozera chotumiza wobwera pa adiresi yakale ku yatsopano, ndiye Google ikabwera pa adiresi imene inkaidziwa inkapeza 404, kutanthauza kuti palibe kanthu. Ndipo Search Console yanga inkaona nyumba yaikulu yokha, choncho zoti tsamba latsopanolo latsekeredwa sindinazione. Mlamu atayamba kudandaula mu Novembala kuti foni yazizira, ndinatsegula robots.txt n'kupeza ili bwinobwino, n'kumuuza kuti ndi chuma chabe chavuta, anthu alibe ndalama. Ndinkayang'ana ya nyumba yaikulu! Ya kuseri sindinaiganizire n'komwe.

Inu mukudziwa kuti Disembala ndi chiyani kwa transpota. Ndi mwezi umene aliyense wa ku Joni amafuna kuti firiji ikafike kwa amayi Khirisimasi isanakwane. Anzake ankanyamuka ngolo zitadzaza mpaka kumanga pamwamba, iye akudikira katundu woti akwanire ulendo umodzi. Vutolo ndinalipeza Khirisimasi itadutsa, ndipo kulikonza kunanditengera mphindi zosakwana khumi. Koma kuti tsambalo libwerere pamene linali panapita miyezi, mpaka cha mu Malichi. Mlongo wanga anakhala nthawi osandiyankha moni wa pa WhatsApp. Kachowerengera kaja lero kali pa /mitengo, m'nyumba yaikulu, pa adiresi yakale yomwe ija.

Wina anena kuti umenewo si mlandu wa subdomain, ndi kupusa kwanga. Ndikuvomera. Koma ndikanaika mu foda, robots.txt ikanakhala imodzi, Search Console imodzi, ndipo kupusako kukanaoneka sabata yomweyo.

Tsopano mnyamata wanuyo musamukalipire, mufunseni chifukwa chake. Mwina ali nacho chomveka. Ngati akufuna kugwiritsa ntchito Shopify, kampani yobwereketsa mashopu a pa intaneti, shopuyo imakhala pa makompyuta a Shopify, ndipo njira yake yodziwika ndi kuipatsa domain (dzina ngati dzinalanu.co.za) yakeyake kapena subdomain. Kuilowetsa mu foda ya webusaiti ina si ntchito ya masewera. Apo subdomain ndi yomveka, ndipo shopu.dzinalanu.co.za ndi yabwino kutalitali kuposa kusiya adiresi ija yothera ndi myshopify.com, chifukwa imeneyo ndi chipinda cha pa yadi ya eni ake, tsiku lochoka simunyamula adiresi. Koma ngati webusaiti yanu ili pa WordPress, pulogalamu yomangira mawebusaiti, pali WooCommerce, pulogalamu ya shopu yomwe imalowa momwemo n'kukupatsani /shopu popanda kumanga china chilichonse. Kwa munthu wogulitsa zitenje mitundu makumi angapo, ine ndimaikira kumbuyo imeneyo. Shopify amalipiritsa mwezi ndi mwezi, kugulitsa kapena osagulitsa.

Kunena za ndalama, chenjerani apa. Domain ya .co.za ndi cha m'ma R100 pa chaka, kwina kupitirirako pang'ono. Hosting, malo osungira webusaiti pa intaneti, ya webusaiti yaing'ono ndi cha m'ma R100 mpaka R200 pa mwezi, kutengera kampani. Subdomain siigulidwa. Ndi mzere umodzi umene munthu amalemba mu DNS, kaundula wa maadiresi a domain imene munalipira kale. Ndinakumanapo ndi mayi wina wa saluni ku Yeoville amene ankalipira R600 chaka chilichonse ati "yolembetsera subdomain". Kulipira ntchito yomanga shopu ndi chinthu china, koma akakulemberani mtengo wa subdomain payokha ngati katundu wogula, funsani kuti ndalamayo ikupita kwa ndani. Satifiketi ya https nayonso ilipo yaulere ya Let's Encrypt, makampani ambiri a hosting amaikiratu.

Ndaonanso wina akukulangizani kuti mupange ma subdomain ambiri, lilongwe kutsogolo, blantyre kutsogolo, mzuzu kutsogolo, ati kuti mudzaze tsamba loyamba la Google nokhanokha. Nzeru imeneyo inatha ntchito. Kuyambira mu Juni 2019 Google inati kawirikawiri sionetsa zotsatira zoposa ziwiri zochokera pa webusaiti imodzi, ndipo powerengapo subdomain imaphatikizidwa ndi domain yake. Onani mmene zilili: pamene mukufuna kuti akuoneni ngati anthu osiyana, amakuwerengani ngati mmodzi. Komanso masamba ofanana osiyana dzina la mzinda lokha ali m'gulu la zinthu zimene malamulo a Google amazitcha spam. Mungovutika kusesa nyumba zinayi zopanda anthu.

Chimodzimodzi ndi maganizo oika mw kutsogolo kuti muzioneka kwa ofufuza ali ku Malawi. Mchira wa .co.za umauza Google kuti webusaitiyi ndi ya ku South Africa, ndipo zilembo ziwiri kutsogolo sizisintha zimenezo kwenikweni. Ngati ogula anu ambiri ali konkuno, azimayi a mipingo ofuna yunifolomu ndi a zikwati, .co.za ili bwino, isiyeni. Ofuna kutumiziridwa kumudzi alembereni tsamba lomveka lonena kuti mumatumiza bwanji, masiku angati, kukatengera kuti.

China chimene sindikufuna muiwale. Webusaiti ikakhalitsa pamabwera mauthenga a anthu osawadziwa, ati tibwerekeni subdomain tiziikapo nkhani zathu, tizikupatsani kenakake pa mwezi. Kawirikawiri ndi a juga kapena a ngongole za katapila, akufuna kukwera pa msana wa dzina lanu. Mu Malichi 2024 Google inalengeza lamulo loletsa mchitidwe umenewu, n'kuyamba kuligwiritsa ntchito mu Meyi chaka chomwecho, ndipo silisankha kuti zaikidwa pa subdomain kapena mu foda. Akaneni. Ndipo ngati mnyamata wanu apanga subdomain yoyeserera, monga test kapena new kutsogolo, aitseke ndi pasiwedi, akamaliza aifufute ndi mu DNS momwe. Zosiyidwa zoterezi ndi zimene akuba a pa intaneti amalowerapo.

Mukasankha subdomain ndithu, chifukwa cha Shopify kapena china, chitani izi musanalengeze kwa makasitomala. Mu Search Console lembetsani domain yonse, njira ija inabwera mu 2019 yotsimikizira kudzera mu DNS, chifukwa imeneyo imaona www, shopu ndi china chilichonse pamalo amodzi. Tsegulani pa foni yanu shopu.dzinalanu.co.za/robots.txt muwerenge ndi maso anu. Mukaona mzere wa Disallow wotsatiridwa ndi kamzere kopendekera kokha, khomo ndi lotseka. Pa menyu ya webusaiti yaikulu pakhale linki ya shopu, pa shopu pakhale yobwerera. Ngati pali masamba akale a zitenje amene akusamuka, lililonse lipatsidwe redirect ya 301 yopita pa tsamba lolingana nalo, osati onse kuwathira pa tsamba loyamba, ndipo a Google amalangiza kuti ma redirect akhale osachepera chaka. Pakatha sabata ziwiri lembani mu Google site:shopu.dzinalanu.co.za muone ngati masamba akutuluka. Ndipo zonsezi musazichite mu Okutobala kapena Novembala. Dikirani Januwale kapena Febuluwale, anthu ali pa ngongole za sukulu, malonda ali ozizira kale.

Pomwe mukucheza ndi mnyamatayo, mufunsenso kuti domain yanuyo inalembetsedwa m'dzina la ndani ndi pa imelo ya ndani. Ambiri a ife timapeza tsiku lokangana kuti dzina la bizinesi yathu lili m'manja mwa wokonza webusaiti. Akuonetseni pa sikirini, osati pakamwa. Mukapeza kuti webusaitiyo ili pa WordPress kapena pa china, lembani pompano ndikuuzeni ngati /shopu itheka.